Tikufuna kuyambitsa gulu la ongodzipereka lothandiza odwala dementia, tiyambire pati?

Nabanda

Moni nonse. Tilipo anthu 12 amene tagwirizana zoti tizithandiza mabanja omwe akusamalira odwala matenda a dementia, aja ambiri timangoti matenda oiwalaiwala. Pakati pathu palibe dokotala kapena namwino, ndipo aliyense akhoza kupatula maola awiri kapena atatu pa sabata, osapitirira apo. Mabanja omwe apempha kale kuti tiziwathandiza alipo 8.

Pomwe taima ndi apa. Ena akuti tiyambe ndi kuyendera odwala m'makomo mwawo, ena akuti tipeze chipinda chimodzi choti onse azikumanamo. Nanga volontiya akalowa m'nyumba ya wodwala, maola awiriwo awathe akuchita chiyani kwenikweni? Ndi ntchito ziti zomwe tisamazigwire n'komwe ngakhale abale atatipempha? Odziwanu mutiuzenso chomwe chimagwetsa magulu ngati lathuli, tichidziwiretu tisanalonjeze anthu zomwe sitingakwanitse.

Mbewe

A Nabanda, yambani ndi m'makomo, koma mabanja 8 onsewo musawatenge lero. Kuthamanga sikufika. Pa anthu 12 aja, mmodzi akhale wogwirizanitsa ntchito, ndipo iyeyu asakhale ndi banja loyendera. Zake zikhale foni, ndandanda ya masiku ndi kumva madandaulo. Wina akhale wapadera, wolowa m'malo mwa mnzake akadwala kapena akachokapo. Otsala 10 muwaike awiriawiri, ndiye kuti mabanja 5. Mabanja atatu enawo muwauze poyera kuti ayambe adikira. Zimawawa kunena, komabe n'zopepuka kusiyana ndi kuzoloweretsa banja kenako n'kungozimiririka.

Chifukwa choikira anthu awiri okhazikika pa banja limodzi n'chakuti munthu wa dementia salandira msanga nkhope zachilendo. Dzina lanu akhoza kuliiwala pasanathe mphindi zisanu, koma zomwe anamva mumtima pomwe munali naye zimatsalira. Pakapita milungu ingapo akuona nkhope yomweyo, tsiku lomwelo, ola lomwelo, mudzaona akukulandirani ngati munthu wake ngakhale sakudziwa kuti ndinu ndani. Mukamasinthasintha anthu, kwa iye sabata iliyonse m'nyumba mwake mukulowa mlendo yemwe sanamuitane, ndiye akachita mantha kapena ukali musadabwe.

Dziwaninso kuti pakhomopo wodwala ndi mmodzi koma ofuna thandizo ndi awiri. Bungwe la WHO lidapeza kuti mu 2019 achibale osamalira odwala dementia ankatha pafupifupi maola 5 tsiku lililonse pa ntchitoyi, ndipo maola 70 mwa 100 aliwonse a chisamaliro chotere amagwira ndi akazi. Choncho volontiya akafika, wosamalira uja atuluke, kaya akagone, kaya akasambe mosathamanga, kaya akaone anzake. Akakhala pomwepo n'kumakuchezetsani ngati mlendo, mwamuwonjezera ntchito, simunamupumitse.

Ulendo woyamba pitani awiri nonse, ndipo ukhale wofunsa abale. Lembani pa tsamba limodzi lokha: dzina lomwe wodwalayo amakonda kuitanidwa, ntchito yomwe ankagwira, mayina a abale ake amoyo ndi omwe adamwalira, zomwe zimamukhazika mtima pansi, zomwe zimamuopsa, mmene amaonetsera kuti akufuna kupita kuchimbudzi kapena kuti penapake pakumupweteka, ngati amavala magalasi, mano oikirira kapena chothandizira kumva, mankhwala omwe amamwa, ndi manambala a foni a abale awiri. Tsambali ndilo lidzapulumutse volontiya wapadera uja tsiku lomwe adzalowe m'malo mwadzidzidzi.

Nthawi yabwino kwa odwala ambiri ndi m'mawa, pakati pa 9 koloko ndi 12 koloko. Dzuwa likapendeka, makamaka kachisisira, ambiri amasokonezeka kwambiri, amayendayenda, safuna kukhala pansi. Volontiya watsopano musamuyambitsire nthawi imeneyo.

Pofika, muyandikireni chakumaso, osati chakumbuyo. Khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ake. Tchulani dzina lanu ulendo uliwonse, ngakhale wa makumi awiri. Funso loti "Mwandizindikira?" lisatuluke pakamwa panu, chifukwa ndi mayeso omwe akudziwa kuti alephera, ndipo manyazi ake amasanduka ukali. Nenani chinthu chimodzi, kenako dikirani, muwerenge chamumtima mpaka 10 musanabwereze. Mukabwereza, bwerezani mawu omwewo, musawasinthe, chifukwa mawu atsopano ubongo wake uyamba kuwamasulira poyambirira. Posankhitsa, muonetseni zinthu ziwiri zokha m'manja mwanu. Mphindi 10 kapena 15 zoyambirira wosamalira akhalepo, ndipo potuluka atsanzike mwachidule, osachulutsa mawu pakhomo.

Zochita zikhale ntchito zenizeni zomwe manja ake amazidziwa kale: kupinda zovala, kupukuta makapu, kusesa, kuthirira maluwa, kusanja mabatani kapena zipangizo za ntchito yake yakale. Akapinda mokhota, musakonze iye akuona. Nyimbo zomwe ankaimba ali mnyamata kapena mtsikana zimatsalira nthawi yaitali ngakhale mawu olankhulira atayamba kusowa. Kuyenda panja mphindi 15 kapena 20 kumathandiza kuti usiku agone. Kapu ya madzi muziika m'dzanja lake, osangofunsa ngati ali ndi ludzu. Pakatha maola awiri mukumbutseni za kuchimbudzi motsitsa mawu. Pochoka lembani m'kope lokhala pakhomopo zomwe wadya, wamwa, wachita, ndi chachilendo chilichonse.

Chomwe chimasowetsa mtengo wogwira mavolontiya ambiri ndi ichi. Agogo avala nsapato, atenga kathumba kawo, aima pachitseko cha nyumba yomwe akhalamo zaka 30, akuti, "Ndikupita kwathu, amayi akundidikira." Mukati, "Kwanu ndi konkuno, ndipo amayi anu adamwalira kalekale," mwawauza za maliro a mayi awo koyamba, chifukwa kwa iwo ndi nkhani yatsopano, ndipo mawa mudzawaliritsanso chimodzimodzi. Mukatseka njira ndi thupi lanu, akukankhani. Imani pambali pawo, munene kuti, "Mwawasowa amayi eti? Ankakonda kuimba nyimbo yanji?" Akaumirirabe, tulukani nawo, muyende limodzi pang'ono akukufotokozerani, kenako mukhote nawo ngati njira ndi yomweyo, n'kunena kuti, "Tiyeni tiyambe tapuma, timweko madzi." Nthawi zambiri "kwathu" amatanthauza kuti atopa, ali ndi mantha, kapena akufuna kuchimbudzi koma sakudziwa komwe chili.

Nangozo

Zomwe anena a Mbewe n'zoona. Ine ndiwonjezere za thupi, chifukwa apa ndi pomwe gulu la anthu amtima wabwino likhoza kuvulaza munthu mosadziwa.

Dementia si ukalamba wamba, komanso si matenda amodzi. Ofala kwambiri ndi a Alzheimer, omwe dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adawafotokoza mu 1906, ndipo amakhudza odwala 60 mpaka 70 mwa 100 aliwonse a dementia. Awa amayamba pang'onopang'ono ndi kuiwala za posachedwa. Ena amabwera chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi mu ubongo, kawirikawiri mwa anthu a BP, a shuga kapena omwe adachitapo sitiroko, ndipo amatha kutsika modumphadumpha: miyezi ingapo ali chimodzimodzi, kenako n'kutsika nthawi imodzi. A mtundu wa Lewy amaonetsa munthu zideruderu, monga anthu kapena nyama m'chipinda, thupi limauma, amagwaigwa, ndipo m'mawa akhoza kulankhula bwinobwino masana n'kukhala wina. A kutsogolo kwa ubongo nthawi zambiri amayamba munthu asanafike zaka 65, ndipo choyamba kusintha ndi khalidwe kapena kalankhulidwe: manyazi amatha, amatha kutukwana kapena kugwira munthu mosayenera, pomwe zinthu akukumbukirabe. Volontiya sauza banja mtundu wa matenda. Amangofunika kudziwa izi kuti asakhumudwe, komanso adziwe choti alembe m'kope.

Musanalembe banja, funsani ngati wodwalayo adaonedwa ndi achipatala. Pali mavuto ochizika omwe amafanana ndi dementia: kusagwira bwino ntchito kwa chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12, kuvutika maganizo, HIV, chindoko chomwe chafika ku ubongo, ngakhalenso mankhwala ena omwe munthu akumwa. Kuperekeza banja kuchipatala kuti akapimitse ndi ntchito yaikulu yomwe gulu lanu lingagwire mwezi woyamba.

Tsopano chinthu chomwe volontiya aliyense achiloweze pamtima. Dementia imayenda miyezi ndi zaka. Munthu akasintha m'maola ochepa kapena tsiku limodzi kapena awiri, si dementia yomwe yakula. Kusokonezeka mutu kwadzidzidzi kumeneku achipatala amati delirium, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ena amabwebweta, kuvula zovala, osagona. Ena amangoti zii, kusinza tsiku lonse, osadya, ndipo awa ndi omwe amaphonyedwa chifukwa abale amayesa kuti lero apumako. Zoyambitsa zake ndi matenda a njira ya mkodzo, chibayo, kudzimbidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, ululu, shuga kukwera kapena kutsika, kapena mankhwala atsopano. Pakamwa pakapotoka, mkono n'kufooka, mawu n'kumatuluka molemera, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Musadikire wosamalira kuti abwere, imbani foni muli kale pa njira.

Mankhwala musagwire. Osapereka, osaphwanya, osabisa m'chakudya, osagulira munthu. Ngati nthawi yomwera ikugwera pa maola anu, abale asiye atapatula okha mulingo wake ndipo alembe m'kope, inu n'kungokumbutsa. Mankhwala monga donepezil, rivastigmine, galantamine ndi memantine sachiza, amangochepetsako zizindikiro kwa ena kwa kanthawi. Donepezil amatha kuyambitsa nseru, kutsegula m'mimba, kapena kuchedwetsa kugunda kwa mtima mpaka munthu kukomoka, ndiye mukaona zotere lembani ndipo uzani abale. Mankhwala ogonetsa monga diazepam amawonjezera kusokonezeka ndi kugwa. Mankhwala a matenda amisala monga haloperidol ndi oopsa kwambiri kwa odwala a mtundu wa Lewy uja. Banja lotopa likakupemphani kuti muwapezere "koti agoneko", yankho ndi kuwaperekeza kwa dokotala.

Pa kudya, matenda akakula kumeza kumavuta, ndipo chakudya chikalowera ku mapapo chimabweretsa chibayo, chomwe chimapha odwala ambiri a dementia. Adye atakhala tsonga, chibwano chitaweramira pang'ono, osati chagada. Supuni ikhale yaing'ono, ndipo mudikire ameze musanapereke ina. Akamaliza onani ngati wasunga chakudya m'masaya, ndipo akhalebe tsonga mphindi 30. Munthu wosinza asadyetsedwe. Kutsokomola pomwa, misozi kulengeza m'maso pomeza, kapena mawu kumveka ngati muli madzi kukhosi, zonsezi zikanenedwe kuchipatala. Madzi amafunika makapu 6 mpaka 8 pa tsiku, pokhapokha ngati dokotala adachepetsa chifukwa cha mtima kapena impso.

Akagwa, musathamangire kumukoka mikono. Funsani pomwe pakupweteka, muyang'ane miyendo. Mwendo umodzi ukaoneka waufupi ndipo phazi lagwera kunja, ganizirani za kuthyoka kwa fupa la m'chiuno, musamuimiritse. Akamenyetsa mutu apite kuchipatala ngakhale akuseka, makamaka ngati amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin. Ngati sanavulale, atembenukire chammbali, agwade, agwire mpando wolimba, adzuke yekha inu mukungomuchirikiza.

Kusambitsa ndi kusintha matewera si ntchito ya volontiya watsopano. Zikafunika, banja livomereze, wochitayo aphunzitsidwe, ndipo ngati n'kotheka akhale wamkazi kwa wamkazi, wamwamuna kwa wamwamuna. Kumanga munthu pa mpando kapena kumukhomera m'chipinda, zimenezo ayi, ngakhale abale atanena kuti ndi momwe amachitira.

Chisale

Achimwene a Mbewe, pa za m'makomo tili limodzi, koma chipinda chokumaniramo musachitaye kutali. Kuyendera m'makomo kumapumitsa wosamalira maola awiri, koma sikumuchotsa pa yekha. Mayi amene akusamalira mwamuna wake yemwe usiku amakodzera m'kabati sangaulule zimenezi kwa volontiya. Amaulula kwa mayi mnzake amene akukumana nazo zomwezo, ndipo mnzakeyo ndi amene amamuuza kuti asiye nyali yoyaka m'njira yopita kuchimbudzi ndi chitseko chake chotsegula.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Katswiri wa za maganizo, Bère Miesen, adayambitsa Alzheimer Café ku Leiden m'dziko la Netherlands mu 1997, malo omwe odwala, abale ndi odziwa za matendawa amakumana kamodzi pa mwezi n'kumacheza momasuka, ndipo yafalikira m'mayiko ambiri. Ku Japan kuyambira mu 2005 akhala akuphunzitsa anthu wamba maphunziro a mphindi pafupifupi 90 a momwe angathandizire munthu wa dementia, ndipo ophunzirawo adafika m'mamiliyoni. Ku Britain bungwe la Alzheimer's Society lidatengera zomwezo mu 2013 ndi pologalamu ya Dementia Friends. Kamodzi pa mwezi, anthu 12 mungakwanitse.

Chipinda chikhale chomwecho nthawi zonse, chopanda masitepe, chowala bwino, chimbudzi chili pafupi ndipo pa chitseko chake pali chithunzi cha chimbudzi, osati malembo okha. Matendawa amasokonezanso kaonedwe ka zinthu. Pansi ponyezimira amapaona ngati pali madzi, kapeti yakuda pakhomo amaiona ngati dzenje, ndipo mudzaona munthu waima nji, akukana kuponda. Kalilole wa m'chimbudzi muphimbe ngati alipo amene amadziona n'kuyesa kuti muli mlendo. Wailesi izime. Anthu awiri akamalankhula nthawi imodzi, wodwala samva aliyense.

Volontiya mmodzi asayang'anire odwala oposa awiri. Mmodzi akhale pampando pafupi ndi khomo lotulukira nthawi yonse, ntchito yake ikhale yomweyo basi. Werengani anthu poyamba, pakati ndi pomaliza. Aliyense, ndi inu omwe, avale pachifuwa dzina lolembedwa ndi malembo akuluakulu. Mkumano usapitirire maola awiri: theka la ola kulandirana ndi chakumwa, mphindi 40 osamalira akakhale paokha m'chipinda china pomwe odwala akuimba kapena kugwira kantchito, kenako onse pamodzi, n'kutseka ndi nyimbo yomweyo mwezi uliwonse kuti adziwe kuti nthawi yatha. Amene akukakamira mkazi wake musamulekanitse naye mokakamiza, akhale naye mpaka adzazolowere.

Mukadzakhazikika, funsani achipatala za njira yolimbikitsa ubongo kudzera m'zochita ndi macheza a pagulu yotchedwa Cognitive Stimulation Therapy, yomwe idakonzedwa ku University College London. Ndi mikumano 14 ya mphindi 45, kawiri pa sabata kwa milungu 7, ya odwala 5 mpaka 8 omwe matenda sanafike patali, ndi otsogolera awiri. Imafuna kuphunzira kaye, musangoiyamba chifukwa mwaimva dzina. Kwa osamalira, WHO ili ndi maphunziro aulere otchedwa iSupport omwe mungamawerenge nawo gawo limodzi mwezi uliwonse.

Zomwe zimapha mikumano yotere ndi zodziwika. Malankhulidwe ataliatali a atsogoleri. Kufunsa odwala kuti lero ndi tsiku lanji ngati ali m'kalasi. Kuwalankhula ngati makanda, munthu woti adalera ana ndi zidzukulu. Kuitana alendo ambiri odzaona ntchito yanu yabwino. Ndipo chomwe chimandiwawa kwambiri, kujambula odwala n'kuwaika pa Facebook. Munthu amene sangathe kumvetsa komwe chithunzi chake chikupita sanavomereze, ngakhale atamwetulira.

Nabanda

Zikomo kwambiri nonse, tikulemba. Pali ziwiri zomwe anzanga akuopa. Banja lina latichenjeza kale kuti agogo awo amanena aliyense wolowa m'nyumba kuti wawabera ndalama. Kodi tikadzanenedwa ife tidzatani? Chachiwiri, wodwala akatuluka n'kusowa ali m'manja mwathu, tiyambire pati?

Namaseko

Achemwali, kunenedwa kuba kudzachitika ndithu, ndipo muwauziretu mavolontiya onse asanayambe. Wodwala amabisa chinthu pofuna kuchiteteza, amaiwala kuti wabisa, ndiye maganizo ake amapeza yankho lomwe lili pafupi, loti wina watenga. Mukati "Sindinabe" mwayamba mlandu womwe simungapambane. Nenani kuti, "Chikwama chasowa? Zodandaulitsa zedi, tiyeni tifunefune." Malo obisa amakhala omwewomwewo: pansi pa pilo, m'nsapato, m'thumba la jekete, m'bini ya zinyalala. N'chifukwa chake zinyalala musataye musanayang'anemo. Mukachiona, musachitole n'kumupatsa, chifukwa adzati munali nacho ndinu. Mutsogolereni pomwe chili achipeze yekha. Abale asunge makiyi ndi magalasi apadera, ndipo ziphaso zenizeni azisunge kwina. Tsiku lomwelo lembani m'kope, uzani wosamalira ndi wogwirizanitsa ntchito.

Koma si nthawi zonse pomwe wodwala amalakwitsa. Anthu a dementia amaberedwadi, ndipo akuba amadalira zoti palibe amene awakhulupirire. Gulu lanu likhale ndi malamulo olembedwa omwe aliyense asayine. Volontiya salandira ndalama kapena mphatso kwa wodwala, sagwira khadi la kubanki kapena nambala yake yachinsinsi, sakhala mboni pa wilo kapena pa chikalata chogulitsa katundu, sabwera ndi mnzake kunyumba ya wodwala, ndipo zomwe waona m'nyumbamo sakazinena kunja. Wofuna kulowa m'gulu abweretse anthu awiri omuchitira umboni omwe si abale ake, ndi kalata ya kupolisi komwe imapezeka, ndipo miyezi itatu yoyamba ikhale yoyeserera. Banja lilangizidwe kuti nkhani za chuma ndi za yemwe adzasankhire wodwala zochita azikonze mwa malamulo a dziko lawo matenda asanafike patali, mwini wake akadali wotha kunena maganizo ake.

Za kusowa. Bungwe la Alzheimer's Association la ku America limati odwala 6 mwa 10 aliwonse amasochera kamodzi kapena kuposa, ndipo limalangiza kuti mukafunafuna mphindi 15 osamupeza, dziwitsani apolisi. Kukonzekera kumayamba munthu asanasowe. Ku Britain apolisi ali ndi fomu yotchedwa Herbert Protocol yomwe abale amalemberatu, ndipo inunso mukhoza kupanga yanu: chithunzi chaposachedwa, msinkhu, zipsera, matenda ena, komwe adakulira, komwe ankagwira ntchito, komwe adapezeka pomwe adasowapo kale. M'thumba mwake mukhale kakhadi, kapena musokerere pa chovala kansalu kolembedwa dzina ndi nambala ya foni ya mbale wake. Volontiya akangofika aziona zomwe wodwala wavala tsikulo, chifukwa ndi funso loyamba lomwe aliyense adzafunse.

Akasowa, yang'anani m'nyumba monse kaye, ngakhale m'bafa ndi kuseri kwa zitseko. Imbirani wosamalira ndi wogwirizanitsa ntchito nthawi yomweyo, manyazi muwaike pambali. Mmodzi atsale pakhomo. Ofunafuna ayambire malo oopsa: pamadzi, pamsewu waukulu, m'ngalande, m'zitsamba zowirira. Musadalire kuitana dzina, ambiri sayankha. Uzani anthu kuti mukufuna munthu wodwala, chifukwa osamudziwa akhoza kumuyesa woledzera kapena wakuba n'kumuchita chipongwe. Akapezeka, musamukalipire. Mpatseni madzi, muone mapazi ndi mabala, kenako mufufuze chomwe chidamutulutsa, kaya ndi ola lomwe ankapitira kuntchito, kaya phokoso, kaya kufuna chimbudzi.

Mudzaonanso zina zovuta kuzinena: mikwingwirima m'mikono kapena pomwe pamamangidwa chingwe, wodwala kunjenjemera akalowa munthu wina wake, kuwonda msanga, kugona m'zonyowa. Lembani zomwe mwaona ndi maso, osati zomwe mukuganiza, ndipo wogwirizanitsa ntchito adziwe tsiku lomwelo. Nthawi zambiri wochita zimenezi ndi wosamalira amene sanagone bwino miyezi yambiri, ndipo akufunika thandizo lowonjezera msanga. Komabe ngati moyo wa wodwala uli pa chiswe, nkhani ipite kwa achipatala, a zachisamaliro cha anthu kapena apolisi.

Mudafunsa chomwe chimagwetsa magulu. Ndi volontiya wabwino kwambiri uja. Amayamba ndi maola awiri, banja limatenga nambala yake, limamuimbira pakati pa usiku, iye sakana, ndipo pakatha miyezi inayi watheratu, wasiya osatsanzika. Mabanja aziimbira foni ya gulu. Aliyense alonjeze miyezi 6 yokha, kenako afunsidwenso. Muzikumana nokhanokha kamodzi pa mwezi kuti aliyense atule zomwe zamulemera. Wosiya ayende ndi womulowa m'malo maulendo awiri kapena atatu. Wodwala akamwalira, volontiya wake apume mwezi asanapatsidwe banja lina, ndipo wosamalira uja muzimuyenderabe, chifukwa ntchito yomwe inkadzaza tsiku lake lonse yatha nthawi imodzi.

Nangozo

Chimodzi ndidasiya. Wodwala akayamba ukali womwe analibe, musanaganize za mutu yambani mwaona thupi. Magalasi ndi oyera? Chothandizira kumva chili ndi batire? M'makutu simunadzaze phula? Mano oikirira sakumutupitsa nkhama? Nsapato sikumuluma? Wachita chimbudzi liti? Ambiri sathanso kunena kuti "pakupweteka", amangokwinya nkhope, kubuula, kugwira pamalopo, kapena kumenya dzanja lomwe lawakhudza. Dzino lobooka limodzi likhoza kusokoneza nyumba yonse milungu iwiri.

Mbewe

A Chisale, mwandikhutiritsa, ndipo nzeru yanuyo ikuthetsanso vuto la mabanja atatu odikira aja. A Nabanda, miyezi itatu yoyamba muyende m'makomo 5 okha, muphunzire anthu anu. Mwezi wachinayi tsegulani mkumano wa pamwezi, muitane mabanja onse 8. Odwala 8 amafuna mavolontiya 4 owayang'anira, mmodzi wa pakhomo, awiri okhala ndi osamalira m'chipinda china, ndi mmodzi wa zakumwa. Ndiye kuti anthu 8 pa tsikulo, ena 4 apume, muzisinthana mwezi ndi mwezi. Masamba aja a mbiri ya wodwala aliyense mupite nawo mu envulopu yomata, ndipo asunge ndi wogwirizanitsa ntchito yekha.